Mwaikanso Windows ndipo Linux yasowa? Musafomate, ili momwemo

Vuto lake limabwera chonchi. Laputopu ili ndi ma operating system awiri, Windows ndi Linux. Mukaiyatsa pamabwera kamndandanda kakuda kokufunsani kuti lero mulowa kuti. Tsiku lina Windows yayamba kukwawa ngati kamba, kaya ndi mavairasi a m'mafulashi obwerekana aja, kaya ndi chiyani, ndiye mwaichotsa n'kuikamo yatsopano. Mwamaliza, mwayatsa, kamndandanda kaja kulibe. Kompyuta ikungothamangira ku Windows ngati Linux sinakhalepo n'kale lomwe.

Apa ndi pamene ambiri mtima umagunda. Ku Linux kuja n'kumene kunali manotsi a Fomu 3 ndi Fomu 4, mapepala akale a MANEB, zithunzi za ukwati wa achemwali, mwinanso kaundula amene bambo amalembamo mabelo a fodya opita ku Chinkhoma. Wina akuuzani kuti: "Aaa, yapita imeneyo, ingofomatani basi muyambirenso." Musamumvere. Kawirikawiri Linux yanu imakhala ili momwemo, mafayilo onse ali bwinobwino. Chimene chasokonekera ndi kapulogalamu kakang'ono kwambiri kotchedwa bootloader, ndipo kukakonza sikutenga ola lathunthu. Kufomata ndiko kumene kungakutayitseni zinthu zenizeni.

Lero ndikufotokozerani chimene chimachitika mukadina batani loyatsira, chifukwa mukachimvetsa chimenecho, kukonzako simudzakuloweza ngati ndakatulo, mudzakudziwa.

Awiri m'nyumba imodzi

Mwina wina akufunsa: n'kuikiranji awiri? Laputopu zambiri zimene ndimaziona kuno ku Kasungu ndi zakaunjika, zogulidwa misika ya fodya ikatsegulidwa, ndalama zikayamba kuoneka m'matumba. Zimabwera ndi Windows. Koma kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna zipangizo zina, monga kachipu kachitetezo ka TPM 2.0, zimene makina akale ambiri alibe. Linux ndi yaulere, mitundu yake ina imathamanga bwino pa makina okalamba, ndipo mavairasi a Windows a m'mafulashi sagwira ntchito pamenepo. Anaiyambitsa ndi Linus Torvalds mu 1991, ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Mtundu wake wotchuka, Ubuntu, unatuluka koyamba mu Okutobala 2004 motsogozedwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi liwu lomwe lija ife timati umunthu.

Ndiye munthu amafuna zonse: Windows ya mapulogalamu amene anawazolowera, Linux yophunzirira kulemba mapulogalamu. Amagawa disiki m'zigawo, monga mmene munda umodzi umagawidwira, uku fodya, uku chimanga. Windows chigawo chake, Linux chigawo chake. Zimenezi ndi zimene amati dual boot.

Kompyuta ikazima imaiwala zonse

Tiyambe ndi Physics, paja ndi ntchito yanga. Purosesa, ubongo wa kompyuta uja, imagwira ntchito ndi malangizo amene ali mu RAM. Mkati mwa RAM muli tima capacitor mabiliyoni, kalikonse kosunga chaji pang'ono. Kakakhala ndi chaji ndiye 1, kakakhala kopanda ndiye 0. Vuto n'lakuti tima capacitor timeneti timadontha ngati chidebe chobooka, moti kompyuta imayenera kutidzazanso pafupipafupi, pafupifupi ma millisecond 64 aliwonse. Mukazimitsa magetsi, chaji chonse chimatha, RAM imatsala mbee.

Disiki ndi yosiyana. Hard disk imasunga zinthu mwa maginito pa mbale zozungulira, pamene SSD imatsekera ma electron m'timaselo tozunguliridwa ndi insulator. Zonsezi sizifuna magetsi kuti zikumbukire. N'chifukwa chake Windows ndi Linux zimagona pa disiki.

Tsopano taonani mfundo yake. Kuti operating system igwire ntchito iyenera kukopedwa kuchoka pa disiki kupita mu RAM. Koma amene amadziwa kuwerenga mafayilo pa disiki ndi operating system yomweyo. Nanga aidzutsa ndani, popeza wodzutsayo ndi amene wagona?

Yankho lake mumaliona pamoto. Amene munaonapo akuyatsa moto wa m'balani yowotchera fodya mukudziwa kuti chikuni chachikulu sachiyatsa ndi machesi. Machesi amayatsa udzu, udzu umayatsa tinkhuni, tinkhuni timayatsa zikuni. Kompyuta nayo imadzuka motero, chaching'ono kudzutsa chokulirapo:

1. Mwadina batani, magetsi afika pa purosesa.
2. Purosesa ikuwerenga malangizo oyamba m'kachipu ka pa motherboard kamene sikaiwala. Pulogalamu ya m'kachipu kameneka imatchedwa firmware, ndipo ilipo mitundu iwiri: BIOS yakale ndi UEFI yatsopano. Awa ndi machesi athu.
3. Firmware ikuyesa RAM, kiyibodi ndi sikirini, kenako ikufunafuna bootloader pa disiki. Uwu ndi udzu ndi tinkhuni.
4. Bootloader ikukopera mtima wa operating system, umene amati kernel, mu RAM n'kuupatsa ulamuliro. Chikuni chayaka.

Windows ili ndi bootloader yake, Windows Boot Manager. Linux nthawi zambiri imagwiritsa ntchito GRUB, imene anaiyamba ndi Erich Boleyn mu 1995. Kamndandanda kakuda kaja ndi GRUB. Ngakhale foni yanu ya Android ili ndi bootloader, ndipo kernel yake ndi Linux yomweyi.

Kusiyana kwa awiriwa ndi khalidwe. GRUB ikamaikidwa imatha kuyang'ana ngati pali mnzake pa disiki n'kumulemba pa mndandanda. Windows ikamaikidwa siyang'ana za Linux, imangodzikonzera njira yake yokha.

Njira yakale: ma byte 512

Pa makompyuta akale a BIOS, firmware ndi yosaphunzira kwenikweni. Sidziwa fayilo, sidziwa foda. Chimene imadziwa n'chimodzi: pita pa sector yoyambirira ya disiki, tenga ma byte 512, uwathamangitse. Malo amenewa amatchedwa Master Boot Record, mwachidule MBR, ndipo dongosololi linayamba mu 1983 pa makompyuta a IBM. Ma byte 512 amenewa anagawidwa chonchi: 446 ndi a malangizo oyambitsira, 64 ndi a tebulo lofotokoza pamene chigawo chilichonse chayambira ndi kukula kwake, ndipo 2 omaliza ndi chidindo chotsimikizira. Werengerani nokha: 446 + 64 + 2 = 512.

Ma byte 446 ndi ochepa zedi, pafupifupi mameseji atatu a SMS. GRUB yonse singakwanemo, ndiye imaikamo kachidutswa kongoloza kumene kuli mbali yotsalayo. Mpando umenewu ndi umodzi. Mukaika Windows, imafufuta kachidutswa ka GRUB n'kulembapo kake. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo. Pa disiki ya 500 GB, zimene zakutsekerani pakhomo ndi ma byte osapitirira 446.

Njira yatsopano: UEFI

Makompyuta ambiri opangidwa kuyambira cha m'ma 2012, nthawi ya Windows 8, ali ndi UEFI. Iyi ndiye inapita kusukulu, imatha kuwerenga mafayilo. Pa disiki pamakhala kachigawo kakang'ono ka mtundu wa FAT32, nthawi zambiri ka 100 MB kapena kuposerapo, kotchedwa EFI System Partition. M'menemo aliyense ali ndi foda yake: Windows ili ndi foda ya Microsoft, Ubuntu ili ndi foda ya ubuntu. Linux Mint nayo imagwiritsa ntchito dzina lomwelo la ubuntu, musadabwe. Ndiye pa motherboard pamasungidwa mndandanda wonena kuti woyamba kuitanidwa ndani, wachiwiri ndani.

Mukaikanso Windows pa makina otere, kawirikawiri sifufuta GRUB. Imangodzilemba nambala wani pa mndandanda. GRUB ili pomwepo, koma palibe akuiitana.

Ganizirani mphambano ya pa boma pathu, pamene msewu wa ku Nkhotakota umachoka pa M1. Wina atazula chikwangwani cholozera ku Nkhotakota, mlendo angadutse osakhota. Koma kodi Nkhotakota yasamuka? Nyanja yauma? Ayi. Ntchito yathu ndi kudzalanso chikwangwani, osati kumanganso tauni.

Pimani kaye musanakonze

Mu labu ndimakuuzani nthawi zonse kuti babu likakana kuyaka musayambe n'kudula mawaya. Tsatirani dera lonse, muone pamene magetsi akulekezera. Apanso chimodzimodzi. Pali mafunso awiri.

Loyamba: chigawo cha Linux chilipobe? Muli mu Windows, dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani `diskmgmt.msc`, dinani Enter. Mudzaona disiki yanu itajambulidwa m'zigawo. Windows siwerenga ext4, mtundu wa kasungidwe ka mafayilo a Linux, ndiye chigawo cha Linux chimaoneka chopanda chilembo ngati C kapena D, chopandanso dzina la mtundu wake, ndipo chingaoneke ngati mulibe kanthu. Ngati chilipo, kukula kwake n'komwe mukukudziwa, pumani mpweya. Musachikhudze. Musadine Format, musadine Delete Volume, ngakhale Windows itakunyengererani bwanji.

Lachiwiri: makina anu akuyenda njira iti? Dinaninso Windows ndi R, lembani `msinfo32`. Pezani mzere wolembedwa BIOS Mode. Pakalembedwa UEFI ndiye njira yatsopano, pakalembedwa Legacy ndiye yakale. Lembani yankholi papepala, likufunika kutsogoloku.

Njira yoyamba: batani limodzi

Iyi ndi ya a UEFI okha, ndipo ambiri amathera pomwepa. Zimitsani kompyuta. Yatsani, ndipo nthawi yomweyo yambani kudina mobwerezabwereza batani la boot menu. Pa Dell ndi Lenovo nthawi zambiri ndi F12, pa HP ndi F9, pa laputopu za Asus ndi Esc. Padzabwera mndandanda wa firmware. Mukaona mawu akuti ubuntu, sankhani pamenepo. GRUB yanu idzatulukira ngati sinachokepo.

Mwalowa mu Linux, koma mawa kompyuta idzathamangiranso ku Windows ngati simusintha mndandanda. Tsegulani Terminal, lembani:

`sudo efibootmgr`

Mudzaona mizere ngati Boot0000 Windows Boot Manager, Boot0002 ubuntu, komanso mzere wa BootOrder wosonyeza amene ali patsogolo. Ngati manambala anu ali ngati amenewa, lembani:

`sudo efibootmgr -o 0002,0000`

Onetsetsani manambala a pa makina anu, musakopere anga. Makina ena ndi amakani, amabwezanso Windows patsogolo. Zikatero lowani m'makonzedwe a firmware, F2 pa Dell, F10 pa HP, pezani Boot Order, kwezani ubuntu pamwamba, sungani ndi kutuluka.

Njira yachiwiri: kulowera pazenera

Ngati makina anu ndi a Legacy, kapena ubuntu sakuoneka pa mndandanda wa firmware, pakhomo patsekedwa. Tilowera pazenera. Mukufunika fulashi ya 8 GB kapena kuposerapo yokhala ndi Linux yothamanga kuchokera pa fulashipo, imene amati live USB. Fayilo ya Ubuntu ya masiku ano ndi pafupifupi 6 GB, ya Linux Mint pafupifupi 3 GB, ndiye bandulo yake si yamasewera. Funsani kaye anzanu kapena aphunzitsi a Computer Studies ngati ali nayo kale. Pulogalamu ya Rufus imailemba pa fulashi kuchokera mu Windows, koma dziwani kuti imafufuta zonse zimene zinali pa fulashiyo.

Lowetsani fulashi, yatsani, dinani batani la boot menu lija, sankhani fulashi. Samalani apa: fulashi imodzi ingaoneke kawiri pa mndandanda, kamodzi ndi mawu akuti UEFI kutsogolo, kamodzi popanda. Sankhani yogwirizana ndi yankho munalemba papepala lija. Ikatseguka sankhani Try Ubuntu, osati Install. Ndabwereza: Try, osati Install.

Musanachite china chilichonse, tsegulani pulogalamu ya mafayilo, lowani m'chigawo chanu cha Linux, koperani zofunika zonse pa fulashi ina kapena pa disiki yakunja. Mukatero, ngakhale chitalakwika chiyani, manotsi anu apulumuka.

Tsopano tsegulani Terminal, lembani:

`lsblk -f`

Linux satchula madisiki kuti C kapena D. Disiki yoyamba ndi sda, zigawo zake ndi sda1, sda2, sda3, choncho. Pa makina okhala ndi SSD ya mtundu wa NVMe mudzaona nvme0n1, zigawo zake nvme0n1p1, nvme0n1p2. Yang'anani mtundu wa chigawo chilichonse: ntfs ndi Windows, ext4 ndi Linux, ndipo kakang'ono ka vfat ndi kachigawo ka EFI kaja. M'chitsanzo changa Linux ili pa sda5, EFI ili pa sda1. Inu muike zanu.

Choyamba, lumikizani chigawo cha Linux:

`sudo mount /dev/sda5 /mnt`

Lembani `ls /mnt` muone. Mukaona mafoda ngati boot, etc, home ndi usr, mwapeza chigawo cholondola. A UEFI okha awonjezere mzere uwu:

`sudo mount /dev/sda1 /mnt/boot/efi`

Kenako tibwereke Linux yogonayo maso ndi manja. Linux imaona zipangizo za kompyuta kudzera m'mafoda apadera, ndiye tiwalumikiza kuchokera ku Linux ya pa fulashi:

`for i in /dev /dev/pts /proc /sys /run; do sudo mount -B $i /mnt$i; done`

A UEFI awonjezerenso uwu, umene umalola kulemba pa mndandanda wa pa motherboard uja:

`sudo mount -B /sys/firmware/efi/efivars /mnt/sys/firmware/efi/efivars`

Tsopano tilowe:

`sudo chroot /mnt`

Lamulo la chroot limauza Terminal kuti kuyambira pano iziona foda ya /mnt ngati ndiye kompyuta yonse. Zili ngati kulizitsa galimoto yakufa batire pogwiritsa ntchito batire la galimoto ina: mphamvu ndi yobwereka, koma injini ikulirayo ndi yanu. Ndiye dzalani chikwangwani:

`grub-install /dev/sda`

`update-grub`

Taonani bwino: ndi sda, yopanda nambala kumapeto. GRUB tikuiika pa disiki yonse, osati pa chigawo. Mukalemba nambala ya chigawo cha Windows pa makina a Legacy, mungawononge poyambira pa Windows, mavuto n'kukhala awiri. Lamulo loyamba likayankha kuti No error reported, zayenda. Lachiwiri limalembanso kamndandanda kaja. Lembani `exit`, zimitsani kompyuta, chotsani fulashi, yatsani.

Pali msampha umodzi wa a UEFI. Ngati poika Windows munafufuta kachigawo ka EFI, Windows inapanga katsopano, ndipo katsopanoko kali ndi nambala yake ina yodziwikira, imene amati UUID. Linux idzafunafuna yakale n'kuima panjira. Musanatuluke mu chroot lembani `blkid /dev/sda1`, muyerekeze nambalayo ndi imene ili pa mzere wa /boot/efi mu fayilo ya /etc/fstab. Zikasiyana, tsegulani fayiloyo ndi `nano /etc/fstab`, lembanimo yatsopano.

Amene Terminal ikukuopsani

Pali pulogalamu ya Boot-Repair imene imachita zonsezi mukangodina batani limodzi lolembedwa Recommended repair. Imaikidwa muli pa live USB ya Ubuntu, ndipo imafuna intaneti, ndiye hotspot ya pafoni ikhale pafupi:

`sudo add-apt-repository ppa:yannubuntu/boot-repair`

`sudo apt update`

`sudo apt install boot-repair`

Imagwira ntchito bwino, sindikuinyoza. Koma ine ndimakonda kuti muyesere kamodzi njira yamanja ija. Kalikuleta ndi yabwino kwa munthu amene akudziwa kale kuchulukitsa, chifukwa ikamupatsa yankho lopusa amazindikira.

Nanga Windows ndi imene yasowa?

Zimachitikanso. GRUB yabwerera koma pa mndandanda palibe Windows. Lowani mu Linux, lembani `sudo update-grub` kachiwiri. Ikapanda kuipezabe, chifukwa chake chingakhale ichi: kuyambira GRUB 2.06 ya mu 2021, kapulogalamu kofufuza ma operating system ena, os-prober, kamabwera kozimitsa pa mitundu ina ya Linux. Tsegulani fayilo ya /etc/default/grub, onjezerani mzere uwu, sungani, kenako bwerezani update-grub:

`GRUB_DISABLE_OS_PROBER=false`

Chifukwa china ndi kusakaniza njira. Ngati Linux inaikidwa mwa UEFI koma Windows yatsopano mwaiika mwa Legacy, GRUB singaidzutse, chifukwa awiriwa akulankhula zinenero zosiyana. Mankhwala ake enieni ndi kuti onse akhale njira imodzi.

Palinso amene amatopa ndi Linux n'kufufuta chigawo chake. Poyatsa amangoona sikirini yakuda yolembedwa grub rescue. Mwamvetsa chifukwa chake eti? Chikwangwani chilipo koma chikuloza ku tauni imene yagwetsedwa. Apa mukufunika fulashi ya Windows. Yambitsani kompyuta nayo, sankhani Repair your computer, kenako Troubleshoot, kenako Command Prompt. Pa Legacy lembani `bootrec /fixmbr`. Pa UEFI yambani mwakweza Windows Boot Manager pamwamba m'makonzedwe a firmware, ndipo ikakanika lembani `bcdboot C:\Windows`. Kumeneko Windows nthawi zina imaoneka pa D m'malo mwa C, ndiye yang'anani kaye ndi `dir C:\` musanalembe.

Zina zoti musamale nazo

Magetsi. Musayambe ntchito imeneyi batire lili pafupi kutha, kapena pa laputopu imene imazima chaja ikangosolokoka. Magetsi akathima kompyuta ili mkati molemba pa disiki, zolembazo zimatsala theka. Ngati kwanu n'kwa sola, chitani masana.

Fast Startup. Kuyambira Windows 8, mukadina Shut down kompyuta sizima kwenikweni, imasunga kernel pa disiki kuti idzadzuke msanga. Zikatero Linux imakana kulemba m'chigawo cha Windows poopa kuwononga mafayilo, ndipo nthawi zina batani la boot menu limavuta kugwira. Zimitsani Fast Startup mu Control Panel, pa Power Options.

BitLocker. Laputopu zambiri za Windows 11 zimabwera disiki itakhomedwa ndi loko ameneyu. Mukasintha zoyambitsira, Windows ingakufunseni kiyi ya manambala 48. Musanayambe, pezani kiyi imeneyo, nthawi zambiri imakhala mu akaunti ya Microsoft ya mwini kompyuta, muilembe papepala. Popanda kiyi, ngakhale katswiri sangakutsegulireni.

Secure Boot. Ichi ndi chitetezo cha UEFI chimene chimalola bootloader yokhala ndi siginecha yovomerezeka yokha. Ubuntu ili nayo kudzera m'kapulogalamu kotchedwa shim. Mu Ogasiti 2024 update ina ya Windows inachititsa kuti makompyuta ambiri a dual boot padziko lapansi akane kutsegula Linux, akulemba uthenga wonena za SBAT ndi Security Policy Violation. Mafayilo a anthu sanawonongeke. Fulashi yanu ikakhala ndi Linux yakalekale mungakumane ndi uthenga wofananawo, ndiye pezani yatsopano, kapena zimitsani Secure Boot kwa kanthawi, mutalemba kale kiyi ya BitLocker ija.

Wotchi. Mukakonza zonse mungaone kuti mukachoka ku Linux kupita ku Windows nthawi yabwerera m'mbuyo ndi maola awiri. Si ufiti. Pa motherboard pali kawotchi koyendera kabatire ka 3 V. Linux imakatchera pa nthawi ya dziko lonse, UTC, pamene Windows imaganiza kuti kali pa nthawi ya kwanuko. Malawi ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri, kusiyana kwake n'kumeneko. Mu Linux lembani `timedatectl set-local-rtc 1`, mkangano utha.

Ngati chigawo chinafufutidwadi

Ndinene zoona, si nthawi zonse nkhani imatha bwino. Ngati poika Windows munadina Delete pa zigawo zonse, ndiye si chikwangwani chokha chimene chapita. Apa lamulo ndi limodzi: siyani kugwiritsa ntchito kompyutayo nthawi yomweyo. Kufufuta chigawo kumachotsa dzina lake pa tebulo, koma pa hard disk maginito aja amakhalabe mmene analili mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Nyimbo iliyonse imene mungakopere ingagwere pa manotsi anu. Pulogalamu yaulere ya TestDisk, yothamangitsidwa kuchokera pa live USB, imatha kupeza zigawo zotayika, ndipo inzake PhotoRec imatola mafayilo amodziamodzi. Pa SSD mwayi umachepa, chifukwa SSD imatha kuyeretsa yokha maselo amene yauzidwa kuti sakufunikanso.

Mukapita nayo kwa okonza makompyuta m'tauni, lankhulani momveka: "Achimwene, musafomate. Muli Linux pa chigawo china, ndikufuna GRUB yokha ibwerere." Akaona kuti mukudziwa chimene mukunena, nawonso amasamala. Akakuuzani kuti palibe njira ina koma kufomata asanayang'ane n'komwe zigawo, tengani laputopu yanu mubwerere nayo.

Ulendo wina

Mukamaika awiriwa pa disiki yatsopano, yambani ndi Windows, Linux ibwere pambuyo, kuti GRUB ipeze mnzake n'kumulemba. Mukamaikanso Windows pa makina amene ali kale ndi Linux, sankhani Custom, fomatani chigawo cha Windows chokha, enawo muwasiye, makamaka kachigawo ka EFI. Jambulani chithunzi cha zigawo zanu pafoni musanayambe. Sungani live USB imodzi m'chikwama, ndipo zofunika kwambiri zikhale malo awiri nthawi zonse. Paja amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Fayilo imene ili pa disiki imodzi yokha ndi fodya wa pachala.

William Kamkwamba wa ku Wimbe kwathu konkuno anamanga makina a mphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14, atawerenga buku la mu laibulale lotchedwa Using Energy. Dayinamo ya njinga anthu ambiri anali nayo, koma iye anafunsa kuti mkatimo mukuchitika chiyani. Funso lomwelo ndi limene mwafunsa lero pa batani loyatsira kompyuta.

Ndikusiyirani kantchito. Tebulo la mu MBR limasunga chiwerengero cha ma sector m'malo a ma bit 32, ndipo sector iliyonse ndi ma byte 512. Pezani 2 kudzichulukitsa yekha ka 32, yankholo mulichulukitse ndi 512, kenako musinthe kukhala ma terabyte. Mukapeza nambalayo, fotokozani m'mawu anuanu chifukwa chimene disiki ya 4 TB singagwiritsidwe ntchito yonse pa dongosolo la MBR, ndi chifukwa chimene makina a UEFI anasamukira ku tebulo latsopano lotchedwa GPT. Sonyezani njira yonse, yankho lokha sindipereka malikisi.